Mbiri ya Sir Walter Scott, Amene Anatha Zaka Zake Zotsiriza Alikubweza Ngongole



Alipo akatundu ena amene Mkhristu adza nawo poyera kwa akulu a mpingo, monga matenda, maliro ndi milandu ya m'banja. Koma alipo katundu wina amene anthu ambiri alowa naye m'nyumba ya Mulungu tsiku la Sabata, natulukanso naye osauza munthu. Katunduyo ndiye ngongole. Wangongole aimba nyimbo pamodzi ndi anzake, koma mtima wake ulikuwerenga masiku otsala kufikira tsiku lobweza; ndipo usiku, pamene a m'nyumba mwake ali m'tulo, iye ali maso. Chifukwa chake tafuna kukusimbirani mbiri ya munthu wina wa ku Scotland, dziko lija kunachokera amishoni amene anayamba ntchito ya Livingstonia m'chaka cha 1875 ndi ya Blantyre m'chaka cha 1876. Munthuyo anagwa m'ngongole yaikulu, napangana ndi eni ngongolewo kuti adzawabwezera pang'onopang'ono, nakhala pansi pa panganolo zaka 6 ndi miyezi 8, kufikira imfa yake. Tasankha iye pakuti analemba m'buku lake la tsiku ndi tsiku zimene mtima wake unamva m'zaka zimenezo, kotero kuti tikhoza kuona bwino pamene anachita mwanzeru, ndi pamene anaphonya.

Ulemerero wake

Walter Scott anabadwira m'mzinda wa Edinburgh pa 15 Ogasiti 1771. Akali khanda anadwala nthenda imene inapundula mwendo wake wamanja, nayenda motsimphina masiku onse a moyo wake. Anaphunzira malamulo monga atate wake. M'chaka cha 1799 anamuika akhale woweruza wa chigawo cha Selkirk, ndipo mu 1806 anakhalanso mlembi m'bwalo lalikulu la milandu la ku Edinburgh. Ntchito ziwirizi pamodzi zinadzampatsa mapaundi 1,600 pa chaka, ndiwo malipiro amene munthu akadakhala nawo osasowa kanthu. Koma chimene chinabukitsa dzina lake ndicho kulemba. Anayamba ndi ndakatulo, ndipo mu 1814 anatulutsa buku la nthano lotchedwa Waverley, osaikapo dzina lake. Mabuku ena anatsata, monga Ivanhoe, nawerengedwa m'maiko ambiri, namtengera mapaundi zikwizikwi chaka ndi chaka. Mu 1820 mfumu inampatsa ulemu wakuti azitchedwa Sir Walter.

M'chaka cha 1811 anagula munda m'mbali mwa mtsinje wa Tweed, natcha malowo Abbotsford. Anagulanso minda ina yoyandikana nawo, naoka mitengo, namanga nyumba yaikulu yonga ya mafumu, naidzaza ndi mabuku ndi zida zamakedzana. Ndipo alendo sanali kutha pakhomo pake. Sanali mlesi kapena wajuga ayi. Anali munthu wakhama, wolawirira ntchito mbandakucha, wokoma mtima kwa antchito ake. Tinena ichi kuti wina asayese kuti ngongole igwira aulesi okha.

Mizu itatu ya ngongoleyo

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Pansi pa ulemerero wa Abbotsford panali mizu itatu imene inalikumera osaoneka.

Muzu woyamba unali kudya zam'tsogolo. Scott anazolowera kulandira ndalama kwa wofalitsa mabuku ake, Archibald Constable, chifukwa cha mabuku amene anali asanawalembe. Ndalamazo anagula nazo minda ndi miyala yomangira. Anafanana ndi mlimi amene agulitsa chimanga chikali chosamera, nadya mtengo wake m'nyengo ya dzinja.

Muzu wachiwiri unali chinsinsi. Kuyambira m'chaka cha 1805 Scott anali mwini mnzake wa nyumba yosindikiza mabuku ya James Ballantyne, bwenzi lake la ku sukulu. Anabisa ichi, pakuti masiku amenewo anthu sanayese choyenera kuti munthu wa m'bwalo la milandu achite malonda. Ndipo ochepa okha ndiwo anadziwa. Koma lamulo la nthawi imeneyo linali lakuti malonda akagwa, mwini aliyense alipe ngongole yonse ya malondawo ndi chuma chake chonse, kufikira nyumba ndi mipando yomwe.

Muzu wachitatu unali kuimirana pa ngongole. Nyumba ya Ballantyne inalemba makalata olonjeza kulipira nyumba ya Constable, ndi ya Constable inalembera ya Ballantyne makalata otero omwe. Ndipo aliyense anamuka nawo makalatawo ku banki, nalandira ndalama. Kalata wina akafika tsiku lake, analemba wina watsopano wakumphimba nayo. Constable nayenso anali womangika mwa njira yomweyo ndi amalonda a ku London, Hurst ndi Robinson. Potero nyumba zitatu zinatsamirana monga mitengo itatu yosazikika pansi, imene iima chifukwa wina utsamira unzake. Buku la Miyambo, pa chaputala 6, lichenjeza za munthu wodziika chikole chifukwa cha mnzake, ndipo mbiri iyi itsimikiza chenjezolo.

Kugwa kwake

Chakudza sichiimba ng'oma. M'mwezi wa Disembala 1825 mantha anagwa pa amalonda a ku England, pakuti ambiri anali atataya ndalama m'migodi ndi m'ngongole za ku South America. Anthu anathamangira ku mabanki kukatenga zawo, ndipo mabanki ambiri anatseka makomo. Pa 18 Disembala Scott anamva mbiri yakuti anzake a ku London ali pafupi kugwa. Usiku womwewo analemba m'buku lake, ndipo chodabwitsa n'chakuti mtima wake unayamba kulira antchito ake ndi agalu ake, kuti adzapeza kuti mbuye wina. Pofuna kuchirikiza Constable, anakongolanso mapaundi 10,000, naika Abbotsford chikole. Ndalamazo zinangolowa m'dzenje, osalidzaza.

Mu Januwale 1826 Hurst ndi Robinson analephera kulipira. Constable anagwa pambuyo pawo, ndipo m'mawa wa pa 17 Januwale James Ballantyne anafika kwa Scott kudzamuuza kuti palibenso chiyembekezo. Atawerenga zonse anapeza kuti Scott ayenera kubweza mapaundi oposa 120,000. Aphunzitsi akhoza kupatsa ana samu iyi: munthu wolandira mapaundi 1,600 pa chaka, akapereka malipiro ake onse osadyako kanthu, adzatsiriza liti? Yankho lake ndi zaka 75. Ndipo Scott anali kale wa zaka 54.

Pangano

Njira zitatu zinali patsogolo pake. Akadatha kupita ku bwalo kukavomera kuti walephera. Pamenepo katundu wake akadagulitsidwa, eni ngongole akadagawana chochepa chimene chikadapezeka, ndipo patapita nthawi iye akadamasuka, nadzisungira zonse zimene akadapata pambuyo pake. Akadathanso kulandira ndalama kwa abwenzi, pakuti ambiri anabwera nazo. Koma anakana, posafuna kusenzetsa ena katundu wake. Anasankha njira yachitatu, ndiyo ya pangano.

Eni ngongole anasonkhana ku Edinburgh m'mwezi womwewo, ndipo wotsogolera msonkhano anali Sir William Forbes, mwini banki, bwenzi la Scott kuyambira pa unyamata. Anapangana motere. Anasankha adindo atatu, John Gibson wodziwa malamulo ndi anzake awiri, kuti azilandira ndalama zonse zotuluka m'mabuku a Scott, nazigawira eni ngongole monga mwa muyeso wa ngongole ya yense. Nyumba yake ya mu Castle Street ku Edinburgh, m'mene anakhalamo zaka zoposa 20, inayenera kugulitsidwa. Malipiro a ntchito zake ziwiri anamsiyira kuti adzidyetse nawo. Anamlolanso kukhala ku Abbotsford. Pakuti malowo anali atawalembera kale mwana wake wamwamuna pa ukwati wake mu 1825, ndipo Scott anali ndi ufulu wakukhalamo kokha masiku a moyo wake. Sitibisa kuti ena mwa eni ngongole anadandaula ndi chimenechi, ndiponso kuti panganolo linamthandiza Scott kusunga mabuku ake ndi pokhala pake. Koma ambiri anaona kuti adzapata zambiri kwa munthu wokhala pa tebulo lake alikulemba, koposa kwa munthu wolandidwa zonse.

Taonani zinthu zitatu zimene zinali m'panganoli, pakuti ndizo zipanga pangano lililonse lotere kuti liime: ngongole yonse inaululidwa ndi kulembedwa, panali anthu apakati okhulupirika ogawa ndalama, ndipo wangongole anamsiyira chakudya ndi zida zake zogwirira ntchito.

Kukhala pansi pa pangano

Pangano linatseka khomo la eni ngongole, koma nkhawa inatsala m'nyumba. Tsiku loyamba limene Scott anabwerera ku bwalo la milandu atagwa, anayesa kuti maso onse ali pa iye, ndi kuti aliyense alikulankhula za iye. Koma anapeza kuti ambiri anampatsa moni mwaulemu monga kale. Manyazi amene anawaopa usiku anali aakulu koposa amene anakomana nawo usana.

Mu Malichi 1826 anatuluka m'nyumba ya mu Castle Street, nayamba kugona m'zipinda zolipira akakhala ku Edinburgh pa ntchito. Mu Meyi mkazi wake Charlotte, amene anakwatirana naye mu 1797, anamwalira ku Abbotsford, iye ali ku ntchito m'mzinda. Mdzukulu wake wokondedwa anali kudwala nthenda ya msana. Buku lake la tsiku ndi tsiku lisimba za kugunda kwa mtima, za maloto oipa, ndi za kudzuka m'mawa ndi mtima wolemera monga mwala.

Kodi anapirira bwanji? Tiona njira zinayi. Yoyamba, anadziikira muyeso wa masamba oti alembe tsiku lililonse, ndipo madzulo anawerenga ngati waukwanitsa. Potero maso ake anawachotsa pa phiri la mapaundi 120,000, nawaika pa ntchito ya tsiku limodzi. Yachiwiri, analemba nkhawa zake m'buku, osazilola zizungulirezungulire m'mutu. Yachitatu, mtima ukamlemera anatuluka kunja kukayenda m'nkhalango yake ndi kudula mitengo pamodzi ndi Tom Purdie, wantchito wake wosunga mitengo, kufikira thupi litatopa. Yachinayi, analeka kubisa. Pa phwando lina ku Edinburgh mu Febuluwale 1827 anavomera pamaso pa anthu kuti iye ndiye analemba Waverley ndi mabuku onse otsata, pakuti chinsinsi chinalibenso ntchito.

A m'nyumba mwake anasenza naye katunduyo. William Dalgleish, wantchito wamkulu wa m'nyumba, anakana kuchoka ngakhale malipiro ake anachepa. Peter Mathieson, amene anayendetsa galeta la akavalo la mbuye wake zaka zambiri, anagwira khasu la ng'ombe ndi akavalo, nayamba kulima m'munda osadandaula.

Ndipo ntchito inabala zipatso. Buku la Woodstock linatuluka mu 1826, ndi mbiri ya Napoleon, m'mabuku 9, mu 1827. M'zaka ziwiri zoyamba Scott anapezera eni ngongole mapaundi pafupifupi 40,000, ndipo mu Disembala 1827 adindo anagawira yense masheleni 6 pa paundi iliyonse, paundi imodzi pokhala masheleni 20.

Wouma mtima ndi wachifundo

Panganolo linali la mwaufulu, ndipo amene sanalifune sanamangidwe nalo. Amalonda ena a golide a ku London anali ndi makalata a ngongole ya mapaundi pafupifupi 2,000. Iwowa anakana kuyembekeza pamodzi ndi anzawo, ndipo chakumapeto kwa chaka cha 1827 anaumirira kuti alandire zawo zonse msanga, naopsa kuti akapanda kulandira adzamgwiritsa Scott. Masiku amenewo wangongole ankatha kuponyedwa m'ndende. Ku Edinburgh kunali malo othawirako ozungulira nyumba yakale ya amonke ya Holyrood, kumene wangongole sakadagwidwa akakhala m'kati mwa malire ake. Ndipo tsiku la Sabata anali womasuka kutuluka kukaona abale ake, pakuti tsikulo lamulo silinalole kugwira munthu chifukwa cha ngongole. Scott, woweruza milandu ya ena, anayamba kulingalira zothawira kumeneko.

Amalondawo akadalandira zonse, ena onse akadathamangira kufuna zawo, ndipo pangano likadapasuka. Pamenepo Sir William Forbes, amene banki yake inali mwa eni ngongole aakulu, anatenga ndalama za m'thumba lake, nalipira amalondawo m'seri, nadziika yekha pa mzere wa oyembekeza pamodzi ndi ena. Anasamala kuti bwenzi lake asadziwe, nayese kuti adindo ndiwo anakonza mlanduwo. Forbes anamwalira mu 1828, ndipo Scott anadziwa chimene anamchitira mwini wake ali kale m'manda.

Mu Disembala 1830, pogawanso masheleni 3 pa paundi, eni ngongole anapangana kumbwezera Scott mipando ya m'nyumba, ziwiya zasiliva ndi mabuku ake onse, zikhale zakezake, posonyeza kuti anaona kukhulupirika kwake.

Pamene anaphonya

Koma tsopano tiyenera kunena mbali ina ya mbiriyi. Scott anafuna kutsiriza ngongole yonse iye akali moyo, ndipo sanadzipatse mpumulo. Analemba m'mawa, nakhala m'bwalo usana, nalembanso madzulo. Mu Febuluwale 1830 anagwa ndi nthenda ya kufa ziwalo, nalephera kulankhula kanthawi. Nthendayo inabweranso mu Novembala chaka chomwecho, ndiponso mu Epulo 1831. Asing'anga anamdandaulira kuti aleke kulemba, koma iye sanamvere. Mabuku ake otsiriza, Count Robert of Paris ndi Castle Dangerous, anatuluka ofooka, pakuti mutu wowalemba unali utatopa.

Mu Okutobala 1831 boma linamkweza m'chombo chake chankhondo kumka naye ku Malta ndi ku Naples, kuti kapena kufunda kwa maiko amenewo kungamchize. Komweko anapitiriza kulemba. Nzeru zake zitayamba kusokonezeka, anafika poyesa kuti ngongole yonse yatha, nakondwera nacho chinthu chimene chinali chisanachitike. Anabwerera ku Abbotsford mu Julayi 1832, namwalira pa 21 Seputembala, wa zaka 61. Ndipo anamuika ku Dryburgh pambali pa mkazi wake.

Pa imfa yake panatsala mapaundi pafupifupi 54,000. Inshuwalansi ya moyo wake inapereka 22,000, ndipo Robert Cadell, wofalitsa mabuku ake, anapereka pafupifupi 30,000, kuti adzazipeze m'malonda a mabukuwo. M'chaka cha 1847 Cadell analandira umwini wotsala wa mabukuwo, ndipo ngongole yonse inafafanizika, zitapita zaka 21 chigwere nyumba ya Ballantyne. Lero nkhope ya Scott ili pa ndalama zapepala za Bank of Scotland.

Lamulo lomwe linasintha pambuyo pake. Kuponya munthu m'ndende chifukwa cha ngongole wamba kunaletsedwa ku England mu 1869, ndi ku Scotland mu 1880. Kuyambira m'chaka cha 2004 ku Scotland kuli lamulo lotchinjiriza wangongole amene walowa m'pangano lovomerezedwa, kuti wina asamzunze akali kubweza monga anapangana. Ku England kuli mabungwe othandiza angongole kwaulere kupangana ndi eni ngongole, monga StepChange, limene linayamba ku Leeds mu 1993 ndi dzina lina, ndi Christians Against Poverty, limene John Kirkby analiyamba ku Bradford mu 1996 ndipo ligwira ntchito pamodzi ndi mipingo.

Zimene tiphunzira

Abale, ngongole zathu sizifika pa muyeso wa Scott, koma kulemera kwake pa mtima n'kumodzi. Mayi amene wakongola ku banki m'khonde kuti alipirire mwana sukulu, mlimi amene anatenga feteleza pa ngongole ndipo mvula inadula, mphunzitsi amene malipiro ake afika atadulidwa kale chifukwa cha ngongole, onsewa adziwa kugunda kwa mtima kuja. Ena afika poganiza zodzichotsera moyo. Kwa iwowa, ndi kwa ife tonse, mbiri iyi ilankhula.

M'buku lachiwiri la Mafumu, pa chaputala 4, timva za mkazi wamasiye amene mwini ngongole anafuna kumlanda ana ake awiri akhale akapolo. Mneneri Elisa anayamba ndi kumfunsa chimene anali nacho m'nyumba. Ndipo mafuta atachuluka, anamlamula zinthu ziwiri: kuti alipe ngongole yake, ndi kuti iye ndi ana ake adye zotsalazo. Scott anasunga lamulo loyamba mokhulupirika, ndipo tiyenera kumlemekeza nako. Koma lachiwiri analinyoza, nalipa ngongole ndi moyo wake womwe. Pangano labwino lisunga zonse ziwiri.

Tsono wangongole ayambe ndi kuulula. Atenge pepala limodzi, alembepo yense amene amkongola, ndi muyeso wake, ndi tsiku lake. Mwamuna auze mkazi wake, ndi mkazi auze mwamuna wake. Pakuti ngongole yobisika m'banja idzatulukira ndithu tsiku lina, ndipo idzapweteka kawiri. Kenaka aitane eni ngongole onse pamaso pa mboni, kapena mkulu wa mpingo, kapena nyakwawa, awauze zoona za chimene angathe kupereka mwezi ndi mwezi, ndipo panganolo lilembedwe. Asalonjeze zoposa mphamvu yake pofuna kukondweretsa anthu tsiku limodzi, pakuti lonjezo losweka liwononga koposa lonjezo laling'ono. Poyamba apatule chakudya cha ana, mbewu ndi khasu. Wogulitsa mbewu yake kuti alipe lero adzakhala wopanda cholipa nacho chaka chamawa. Ndipo asathamangire kwa akatapila kukakongola zophimbira ngongole yakale. Akumbukire mapaundi 10,000 aja amene Scott anaponya m'dzenje.

Atapangana, nkhawa idzabwerabe, makamaka usiku, ndipo idzamuonetsa phiri lonse nthawi imodzi. Pamenepo akumbukire kuti ana a Israyeli m'chipululu anatola mana a tsiku limodzi, ndi kuti Ambuye wathu, pa Mateyu chaputala 6, atiletsa kusenza lero zovuta za mawa. Gawo la mwezi uno likaperekedwa, wangongoleyo ali wolungama mwezi uno pamaso pa Mulungu ndi anthu, ndipo aloledwa kugona tulo, kudya nsima yake ndi chiyamiko, ndi kuseka ndi ana ake. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Asunge Sabata, pakuti ngati lamulo louma la ku Scotland linapumitsa wangongole tsiku limenelo, kodi iye mwini adzadzikaniza mpumulowo? Ndipo mtima ukada kufikira poganiza za imfa, asakhale yekha usiku umenewo. Agogode pa khomo la mbusa, la mkulu wa mpingo, kapena la mnansi, ndipo ngati nkhawa yasanduka nthenda apite ku chipatala. Ngongole ikhoza kubwezedwa ngakhale zitapita zaka 21, koma moyo subwera.

Tili nawonso mawu kwa inu amene munakongoza. Mlandu suwola, ndipo chuma chanu n'chanu; wangongole ayenera kubweza. Koma mbale wanu akadza kwa inu ndi zoona, napempha nthawi, sankhani amene mudzafanana naye, amalonda a golide aja kapena Sir William Forbes. Fanizo la kapolo wosakhululuka, pa Mateyu chaputala 18, litikumbutsa muyeso wa ngongole imene ife tonse tinakhululukidwa. Wolanda mbuzi, mabulangete ndi malata a mnzake pa tsiku limodzi alandira pang'ono, nataya mbale. Woyembekeza kawirikawiri alandira zonse.

Akulu a mpingo ndi amayi a m'magulu osunga ndalama, musanyazitse wangongole pagulu, kapena kumuimbira nyimbo zachipongwe pakhomo pake. Amene walowa m'pangano, nalisunga, akhale pa mpando wake m'tchalitchi monga kale. Khalani adindo okhulupirika monga John Gibson ndi anzake, osunga chinsinsi, owerenga molungama, osakondera. Ndipo ngati mufuna kuthandiza, thandizani m'seri, kuti mbale wanu asasenze ngongole yachiwiri, ndiyo ya manyazi.

Inu aphunzitsi, phunzitsani ana samu ya chiwongoladzanja, kuti adziwe kuwerenga asanasindikize chala pa pepala. Auzeni mbiri iyi, ndi mizu yake itatu ija, kuti akadzakula asadye zam'tsogolo, asabise, ndipo asaimire ngongole imene sangathe kuilipa okha.

Mulungu wa chitonthozo alimbitse onse olema ndi katundu ameneyu, afewetse mitima ya okongoza, ndipo atipatse ife tonse chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi mtendere wa m'nyumba. Amen.